Nkhope ya Pansi pa Nsalu Yonyowa

Mukafunsa Amalawi a ku Indianapolis kuti Ida ndi munthu wotani, akuuzani kuti pantchito ndi chilombo, ndipo akatsitsa mawu awonjezera kuti mwamuna wake musamuyang'ane kawiri. Zonsezi n'zoona. Koma anthu amakonda kuseka nsanje ya mnzawo osafunsa kumene inachokera, ndiye lekani ndikuuzeni bwinobwino, chifukwa ya Ida siinayambire ku America.

Ida, amene mfunda wake ndi Nankhoma, anabadwira ku Ntcheu, kwa Ganya, mwana wachitatu wa telala wina wosokera pakhonde la golosale. Anakula ali mtsikana wolimbikira ntchito, wosalankhulalankhula, wa manja akuluakulu ngati a bambo ake. Kutchalitchi ankaimba kwaya, mzere wachiwiri. Kutsogolo kwake kunkaima Sophia, ndipo Sophiayo ndiye ankayambitsa nyimbo. Mpingo ukatembenuka kuyang'ana kwaya, maso onse ankathera pa Sophia, Ida n'kumangoona mfundo ya duku la mnzakeyo. Sankadana, ayi, ankabwerekana ndi nsapato zomwe. Koma pamene Lameck Milanzi, mnyamata wosema ziboliboli, anayamba kumadikira panja pa tchalitchi kwaya ikamaweruka, Ida anadziwa yekha kuti sakudikira wa mzere wachiwiri. Pa ukwati wawo anali mmodzi wa operekeza mkwatibwi, ndipo anamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Sophia sanakhalitse pabanja. Anadwala atabereka mwana wamkazi, Atupele, ndipo anakamuika kwawo ku Kasinje. Mwanayo anatsala ndi agogo ake. Ida analira maliro amenewo ndi mtima wonse, pamenepo musamunamizire.

M'chaka cha 2000 msuweni wake anamupezera malo a sukulu ku South Bend. Sukuluyo anaiona teremu imodzi, zotsalazo zinadyedwa ndi ntchito ya m'nyumba yosungira nkhalamba. Ankafukula galimoto mu sinowo m'mawa, n'kukatembenuza azungu okalamba pabedi, kuwasambitsa, kuwadyetsa phala ndi supuni ngati makanda. Anzake akamathawa madabulo, mashifiti awiri otsatizana aja, iye ankawatola. Manja a telala aja anatuluka mitsempha, ndipo khungu lake linasweka ndi sopo wa kuntchito. Za banja anali atazisiya m'manja mwa Mulungu, ndipo kunena zoona ankaona ngati Mulungu naye wazisiya penapake.

Ndiye pa phwando la ufulu wa Malawi, mu Julaye, papaki ina ya mumzindamo, anangomva munthu kumbuyo kwake akuti, "Nankhoma, ndinu kodi?" Anali Lameck, wowonda, atavala jekete lobwereka. Anali atabwera ndi anzake kuchokera ku Indianapolis. Anacheza za kwawo mpaka nyama ya pambale kuzizira. Chaka cha 2003 chisanathe anadalitsa ukwati, Ida n'kusamukira ku Indianapolis, mu apatimenti ya pafupi ndi Lafayette Road, n'kupeza ntchito yomwe ija ku Lawrence.

Lameck anali mwamuna wabwino, zimenezo Ida sankakana. Sankamwa, sankayendayenda, ndipo mbale ankatsuka osamutuma. Vuto lake linali maso. Munthu ameneyu ankatha kukhala nawe patebulo, kukuyankha bwinobwino, koma maso ali pa mwendo wa mpando kapena pa mfundo ya thabwa. Ida ankakumbukira mmene maso omwewo ankaimira pa Sophia panja pa tchalitchi, osaphethira. Chimene ankafuna pa moyo wake chinali chimodzi basi: kuti tsiku lina Lameck adzamuyang'ane iyeyo choncho. Poti sankachipeza, ankachisaka mwa akazi ena. Mayi wogulitsa nsomba zouma m'sitolo ya Afirika akamubwezera Lameck chenje akuseka, nkhani imeneyo inkafika kunyumba ndi kugona komweko.

Koma mkazi mnzake weniweni wa Ida, amene ankamulanda mwamuna Loweruka ndi Lolemba lomwe, anali mwala.

Lameck ankagwira ntchito ku Beech Grove, pa msasa wosema ziliza wa mkulu wina dzina lake Remo. A Remo anali Mtaliyana wobadwira kuno ku America. Bambo awo anachoka kwawo ku Italy atanyamula matchizulo okhaokha m'kathumba, n'kukasema giranaiti ku Vermont, mwala wolimba wa mawangamawanga uja, mpaka fumbi lake linawatseka chifuwa asanamere imvi. A Remo anaphunzira ali pa miyendo ya bambo awowo, ndipo nawonso ankatsokomola ngati galimoto yokana kulira. Misasa ina inali itasiya kalekale kusema ndi manja, inkangowaza mchenga ndi makina n'kutulutsa zilembo. A Remo ayi. Maluwa, angelo, nkhope za anthu, zonse ankazitulutsa m'mwala ndi tchizulo. Mwala woyera wa ku Indiana kuno ankaunyoza, ankati ndi sopo, ngakhale mwana akhoza kuukanda ndi chikhadabo. Lameck analowa pamenepo ngati wosesa ndi wonyamula. Mkuluyo atamuona pa nthawi ya nkhomaliro akusema kambalame pa chidutswa cha thabwa, anamupatsa nyundo. Kuyambira pamenepo Lameck ankafika kunyumba ali mbuu, fumbi m'makutu ndi m'nsidze, pakamwa pali "a Remo akuti, a Remo akuti."

"Kodi munakwatira ine kapena a Remo?" Ida ankafunsa.

"Nankhoma, ndi ntchito."

"Ine ntchito ndilibe? Munandimvapo ndikutchula nkhalamba zanga pabedi?"

Tsiku lina galimoto ya Lameck itafa, Ida anapita kukamutenga. Kanali koyamba kulowa mumsasamo. Munali phokoso la tinyundo ta mpweya, miyala yaitali itaima ngati anthu odikira basi, ndi fungo la dongo lonyowa. Anamulandira ndi mkazi wa a Remo, a Teresa, mayi wamfupi, wonenepa, wolankhula ngati wailesi. Anamukokera muofesi kuti amupatse khofi, ndipo asanakhale n'komwe anali atamuonetsa kale zikhatho zawo.

"Manja awa mukuwaonawa," anatero a Teresa m'Chingerezi, "ali m'manda onse kuyambira kuno mpaka ku Ohio. Mngelo aliyense amene Remo wasema, manja ake ndi anga. Apongozi anga nawonso anali choncho kwa amuna awo. Ndi mmene timachitira ife. Wosema sangaseme dzanja lochokera m'mutu, amafuna lamoyo."

Ida anamva tsitsi likumuyenda. Manja a munthu wamoyo kukagona kumanda! Kwawo zoterezi akanakuitanira ankhoswe ndi abusa omwe. Koma ulemu ndi ulemu, anangoti, "Zoona?" n'kumwa khofi wowawayo.

Kenako anaona china pawindo. Unali mutu wa mtsikana wosemedwa m'mwala wakuda, tsitsi litamangidwa kumbuyo, milomo itatseguka pang'ono ngati akufuna kuyankha munthu.

"Ameneyo ndine," anatero a Teresa. "Anandisema chaka chimene tinakwatirana. Si wa kumanda ameneyo, ndi wa m'nyumba. Ndinkakhala pampando, iye n'kumangondiyang'ana, mpaka ndinkachita manyazi."

Ida anauyang'ana mutuwo, n'kuyang'ana mayi wokalambayo, mtima n'kumuwawa. Mayi ameneyu, wa ndevu ziwiri pachibwano, anayang'anidwapo choncho, ndipo umboni wake unali pawindo. Pobwerera Ida anayendetsa galimoto ali ndwii. Lameck anafunsa ngati wina wamulakwira kuntchito.

Zinapita choncho mpaka chaka cha 2007. Madzulo ena, akudya, Lameck anaika supuni pansi n'kuyang'ana mkazi wake. Anamuyang'ana ndithu, kuyambira pakhutu kutsika pakhosi mpaka m'manja.

"Chiyani? Ndadzipaka chakudya?"

"Ayi. Nankhoma, Loweruka masana mumakhala mwaweruka. Mungabwere kumsasa? Pali chimene ndikuumba, ndikufuna mukandikhalire pampando."

"Mukuumba chiyani?"

Lameck anakanda m'mutu. "Mudzaona chikatha."

Inu, munthu akamayembekezera chinthu zaka zambiri, safunsa kawiri. Ida anakumbukira mutu wa pawindo uja n'kudziyankha yekha. Lachisanu anakakonzetsa tsitsi kwa mtsikana wina wa ku Senegal pa Lafayette Road, n'kugula ndolo zatsopano. Atafika kumsasa, Lameck anamupempha kuti avale duku. Tsitsi la maola onse aja linalowa m'nsalu, koma Ida sanadandaule.

A Remo anamufotokozera mmene ntchito imayendera. Sayambira pamwala. Amayamba aumba ndi dongo pathabwa loimika, akakhutira amathira pulasitala kuti chiume, ndiyeno amayeza pulasitalayo kadontho ndi kadontho n'kumasamutsira pa giranaiti. Mwala ukaudula waudula, subwerera, n'chifukwa chake kulakwitsa konse kumathera padongo. Thabwa la Lameck linali lalikulu ngati windo, litaimikidwa mopatsa Ida msana. Akamaliza ankalifunditsa nsalu yonyowa kuti dongo lisaume.

"Tembenukirani kukhomo pang'ono. Kwezani chibwano. Manja muwaike pamodzi pachifuwa, choncho."

Masabata amenewo Ida sadzawaiwala. Lameck ankamuyang'ana osaphethira. Ankabwera ndi kachitsulo ka miyendo iwiri koyezera, n'kukagusitsa pakhutu lake mofatsa, mpweya wake ukumugunda pakhosi. Ankamugwira zala chimodzichimodzi, n'kutsata mitsempha ija ndi chala chake chadongo. Manja amene Ida ankawabisa pansi pa tebulo kwa anthu, mwamuna wake ankawatembenuza ngati chinthu chogula modula. Msana unkawawa, khosi linkauma, koma akamufunsa ngati watopa ankati ayi. Ndi mayi wa nsomba zouma yemwe anapuma masiku amenewo.

Chimodzi chokha chinkamudabwitsa. Kumaso Lameck sankamuyang'ana kwenikweni. Ida anadziuza kuti nkhope aidziwa kale, si amadzuka nayo tsiku lililonse?

Ndipo pakamwa sipanasunge. Atapita ku South Bend ku chinkhoswe cha mwana wa mnzake, anaulula ali kukhitchini pakati pa amayi.

"Ine masiku ano ndiye bize, abambo akunyumba akundisema."

Melissa, mnzake amene ankagwira naye madabulo kale, anaika mpeni pansi. "Akukusema? Si amasema za kumanda amuna akowo?"

"Za kumanda n'za makasitomala. Changa n'cha pabalaza. Azungu amatero akamukonda mkazi."

"Kaya, mwina. Ine wanga akangoti andiseme ndikhoza kuitana abusa."

Amayi anaseka, Ida naye anaseka, koma mumtima anati nsanje basi, amuna awo sadziwa ngakhale kusongola pensulo. Anawalonjeza kuti chikatha adzawaitana onse kudzaona.

Lachitatu lina anaweruka msanga. M'malo mopita kunyumba anakhotera ku Beech Grove, atagula nkhuku yootcha kuti akadye ndi mwamuna wake. Mumsasa munali zii. A Teresa anatuluka muofesi n'kunena kuti amuna awiriwo apita kukaimika chiliza kumanda ena chakum'mwera, abwera posachedwa.

"Mwabwera kudzachiona? Chatha dzulo, mawa athira pulasitala. Remo akuti mwamuna wanu tsopano ndi mmisiri. Bwerani."

A Teresa anatembenuza thabwalo n'kuchotsa nsalu yonyowa ija okha.

Ida anayamba waona manja. Anali ake, ndi mitsempha yomwe, ndi chala chaching'ono chokhota chimene anatengera bambo ake. Khosi linali lake. Khutu linali lake, ndi kabowo ka ndolo. Duku linali lomangidwa mmene amamangira iye. Koma pakati pa dukulo panali Sophia.

Sanachite kufunsa. Chipumi chotambalala chija, mphuno yaing'ono, milomo yokonzeka kuyambitsa nyimbo. Pakona ya thabwalo panali kachithunzi kakang'ono kofwifwa, kobayidwa ndi pini, koonetsa nkhope yokha. Ndipo padongopo, pamwamba pa diso lamanzere, panali kachipsera kamene pachithunzipo sikankaoneka n'komwe. Ida ankakadziwa. Analipo tsiku limene Sophia anagwa panjinga akuchokera kuchigayo.

"Wokongola, eti?" anatero a Teresa. "Lameck anatiuza kuti munali mabwenzi. Ndinamuuza Remo kuti mkazi uyu ali ndi mtima wabwino, kupereka manja ake kwa mnzake. Chikapita ku Afirika anthu akalira."

Ida anakumbukira kuti chaka chapitacho alongo ake a Sophia ankaimba foni pafupipafupi, kudandaula kuti manda a mlongo wawo akungokhala opanda chiliza. Iye ankaganiza kuti nkhaniyo idzathera kwa womanga wa kumudzi ndi matumba a simenti. Sanadziwe kuti simenti yake ndi iyeyo.

Foni inalira muofesi, a Teresa n'kuthamangira. Ida anatsala maso ndi maso ndi mnzake wa mzere woyamba. Anaganiza za tsitsi lija, za ndolo, za amayi a ku South Bend amene anawaitana. Koposa zonse anaganiza za maso a Lameck. Masabata onse aja maso amenewo ankadutsa pa iye ngati munthu wodutsa pakhomo la eni popita kwawo. Nsanje inamukwera, yotentha, mpaka m'makutu. Anazula kachithunzi kaja n'kukaponya m'chikwama. Kenako anatambasula dzanja lake lotembenuza nkhalamba lija n'kulimenya pankhopeyo, phaa, n'kukanikiza, n'kupotokola. Mphuno inalowa m'kati, milomo inapita cha kukhutu. Pamene panali Sophia panatsala chidindo cha chikhatho.

Sanathawe. Anakhala pampando wake uja, dongo lili m'zala, nkhuku ikuzizira m'pepala.

Lole itaima panja, anayamba kulowa ndi a Remo. Anayang'ana thabwa, anayang'ana dzanja la Ida, n'kutsokomola nthawi yaitali. A Teresa anali pakhomo la ofesi atagwira pakamwa.

"Mwayi wake ndi woti ndi dongo, si mwala," anatero mkuluyo. Kenako anatembenukira kwa Lameck, amene anali ataima kumbuyo kwawo. "Sunamuuze?"

Lameck anaweramitsa mutu. A Remo anapukusa wawo, n'kukoka mkazi wawo kulowa naye muofesi, n'kutseka chitseko.

"AMilanzi," anatero Ida, mawu ali pansi, "ndinakulakwirani chiyani?"

"Nankhoma, ndimafuna kukuuzani."

"Liti? Chitakwera kale kontena?"

"Chithunzi chili ndi nkhope yokha. A Remo anati khosi ndi manja sindingazipeke, ndipeze munthu wamoyo. Iwo amatero ndi akazi awo, saonapo cholakwika. Ndikanapita kwa mkazi wina mukanati chiyani?"

"Musandiuze za a Remo. Inu ndinu Mtaliyana? Inu simudziwa kwathu? Mwanditenga ndili moyo, mukufuna mukandiimike pamanda ku Kasinje, anthu azikandilirira. Mayi anga akakamva kuti manja a mwana wawo ali kumanda adzagona tulo?"

"Ndinaganiza kuti palibe adzadziwe."

"Ine ndadziwa. Ndinkakhala apa ngati chitsiru, kumati mwamuna wanga wandiona. Ndauza ndi anthu omwe. Pa kwaya ndinali kumbuyo kwake, pa ukwati ndinali kumbuyo kwake, lero wapita ndipo ndikumunyamulirabe mutu. Mwandiika pa mitala ndi munthu wakufa, aMilanzi. Wamoyo bwenzi nditapita kukamutukwana, nanga uyu ndikamupeza kuti?"

Lameck anapita pathabwa paja. Anali munthu wotero, mawu akamuchulukira ankathawira m'manja. Anavula jekete, n'kuviika zala m'chidebe cha madzi, n'kuyamba kuchotsa dongo lophwanyikalo. Ida anakumbatira chikwama chake. Mumtima anati tione, chithunzi chili kuno, muumba mphepo. Ankadikira kuti achite kumupempha, ndipo anali atakonza kale yankho.

Lameck anayang'ana pakona pamene panali pini, n'kuona kuti palibe kanthu. Sanafunse. Anatapa dongo latsopano m'thumba, n'kulikanda, n'kulimata pamalopo.

Ida anaonerera zonse, poti tsopano thabwa linali litamuyang'ana. Zala za mwamuna wake zinkayenda zosaima, zosakayika, ngati za mayi womanga mwana kumsana. Chipumi chinatuluka. Chala chachikulu chinakanikiza kawiri, maso n'kukhala m'malo mwake. Nthawi zina Lameck ankatsinzina n'kumangopapasa, ndipo pamenepo m'pamene dongo linkamvera kwambiri. Kachitsulo koyezera kaja sanakagwire n'komwe. Dzuwa lisanachoke pawindo, Sophia anali atabwerera, ndi milomo yake yomwe. Pomaliza Lameck anatenga kamtengo kosongoka n'kulemba kachipsera kaja pamwamba pa diso, kamodzi kokha, pamalo pake penipeni.

Madzi akatayika saoleka, amatero akuluakulu, koma awa anaoleka Ida akuona. Kachithunzi ka m'chikwama kanali kopanda ntchito kuyambira kale. Munthuyo anali m'zala.

Kenako zala zija zinafika pambali pa duku n'kuima. Khofi la Ida linali litaphwanyanso khutu. Lameck anaumba kadongo, n'kukamata, n'kukayang'ana, n'kukachotsa. Anayesanso, n'kukachotsanso. Anaima nthawi yaitali, dzanja lili m'mwamba. Potsiriza anatembenuka, osayang'ana mkazi wake m'maso.

"Nankhoma, khutu laonongeka. Mungatembenukire kukhomo pang'ono?"

Ida anaseka, kuseka kopanda mano.

"Nkhope ya munthu amene anapita kalekale mwaiumba osaonera. Khutu langa, limene mumagona nalo pilo imodzi, limene mwaliyeza masabata onsewa, simukulikumbukira?"

Lameck anayang'ana dongo la m'manja mwake. Akanakhala mwamuna wochenjera akananama, koma sanali wochenjera.

"Inu ndimakuonani tsiku lililonse," anatero. "Sindinaganizepo zokusungani m'mutu."

Ida anafuna kuimirira. Makiyi a galimoto anali m'dzanja, ndipo khomo linali lotsegula. Ankadziwa kuti akatuluka, mwamunayu apeza khutu lina, la a Teresa kapena la mkazi aliyense wa m'basi, n'kuliyang'ana osaphethira, n'kuligusa ndi kachitsulo kaja mofatsa. Ganizo limenelo linamupweteka kuposa manda a ku Kasinje, ndipo anadzida chifukwa cha zimenezo. Ankadziwanso kuti palibe malo ena pa dziko lino pamene Lameck adzamuyang'ane choncho kupatula pampando umenewu, pa ntchito ya Sophia.

Anabweza makiyi m'chikwama. Anavula ndolo yatsopano ija n'kuifumbata m'dzanja ladongo, n'kutembenukira kukhomo. Misozi inkatsikira pakhosi, ndipo Lameck anamupempha kuti akweze chibwano pang'ono.